Kapu ya Atelala

Zaka makumi atatu Pulambala wakhala akulowetsa madzi m'nyumba za anthu, ndiye taonani lero: impso zitafa, dokotala anamulamula kuti azimwa kapu imodzi patsiku. Kapu imodzi, abale! Munthu woti ankachita kusamba madzi a mapaipi ophulika mpaka m'makutu.

Lachitatu limenelo anapita kuchipatala atamanga kale mfundo. Agona komaliza pa makina osefa magazi, akafika kunyumba akatsegula mpopi, amwe mpaka mimba iti ndii. Ankadziwa bwino kuti madziwo akadzaza m'mapapo ndiye kuti kwake kwatha. Analibe nazo ntchito, anali atatopa.

Kapu yake ya tsikulo anali ataigugudiza kale m'mawa. Pofika masana lilime linali gwa ngati chikopa cha nsapato.

Pabedi loyandikana naye pankagona mayi wina wachikulire wosoka zovala, amene aliyense ankangomutchula kuti Atelala. Matenda omwewo, lamulo lomwelo, milomo yong'ambika chimodzimodzi. Koma mayiyu kuseka ngati wapambana mpikisano, ndipo zimenezi zinkamunyansa Pulambala.

"Achimwene, lero nkhope ili ngati malaya osasita," anatero Atelala. "Mwamaliza kale kapu yanu?"

Iye anangotembenukira kukhoma.

Kenako anamva kuzizira pamilomo. Atelala anali atapempha namwino kuti aviike thonje m'kapu mwawo, amunyowetse nalo pakamwa. Namwino anaviika kamodzi, kawiri, kasanu, mpaka timadzi tomwe mayiwo anasungira madzulo tinatha. Pulambala anaiyang'ana kapuyo ili mbee, thupi lonse linachita tsemwe. Iye ankaudziwa bwino mtengo wa madontho amenewo.

"Mayi, mwapenga? Inuyo mulibe ludzu?"

"Ndili nalo, mwinanso kuposa lanu," anayankha mawu ali osasa. "Koma ludzu lilipo pawiri, achimwene. Lina lija la m'kati ndinali nalo ndili bwinobwino, ndikumwa madzi ndi jagi. Ndinkasoka, ndinkadya, koma mumtima muli gwa. Limenelo anandithetsera Yesu. Latsalali ndi la pakhosi chabe, ndimatha kugona nalo."

Pulambala anakumbukira zaka zimene anali wamphamvu, ntchito ili mbwee, koma akaweruka n'kumangozungulira m'misewu osadziwa chimene akufuna. Kani linali ludzu limenelo! Anachita mantha, mantha achilendo, ngati kuti m'chipinda chonunkha mankhwalacho mwalowa wina wamkulu woti sungamuyang'ane kumaso.

Atafika kunyumba analunjika kukhitchini. Mpopi wake uja, woika yekha ndi manja ake, anautsegula mpaka kumapeto. Madzi anati phwaa m'sinki. Anatunga ndi manja awiri, nawafikitsa pachibwano. Pakhosi pankachita kulira. Koma m'maso mwake munkangobwera kapu yopanda kanthu ija, ndi mayi woti agona kukhosi kuli gwa koma akuseka.

"Yesu, ngati mayi aja munawapatsa madzi anu," ananong'ona, "inenso ndipatseniko."

Madzi aja anangosukusula nawo kumaso, n'kutseka mpopi. Munthu amene wagwada pansi pa masinki a eni ake moyo wake wonse, sipanala ili m'manja, anagwada pansi pa yake ali chimanjamanja, misozi ili chuchuchu. Kukhosi kunali kouma monga kale, koma m'chifuwa munali mutazizira, ndipo anadabwa kwambiri.

Mkazi wake anamupeza ali chigwadire.

"Bambo a ana, wayambanso kudontha mpopiwo?"

"Ayi, mayi a ana. Tabwerani mugwade pano, mundiphunzitse mmene mumayambira pemphero." Anapukuta kumaso ndi mkono. "Ndipo Lachisanu mudzandidzutse m'mamawa, ndisadzachedwe ku makina. Kapu yanga ndikamwera komweko, theka lake ndi la Atelala."