Kuwawa kwa Pansi pa Lilime

Chabane anali munthu wokoka khoka tsiku lonse osapuma, koma chaka chimene nkhondo inatseka msewu wa ku Metangula, ngakhale kachitunda ka kunyumba kwake ku Lunho kankamuimitsa kawiri. Dokotala wa ku Likoma anali atamuuza kale kuti mitsempha yodyetsa mtima yachepa njira, magazi akudutsa movutikira. Anamupatsa timapiritsi toika pansi pa lilime chifuwa chikamuthina. Tinkathandiza ndithu, mpaka tinatha.

Mkazi wake Mariamo anatuma mlongo wake wamng'ono, Issufo, kuti akatenge ena ku Likoma pa bwato la Chabane lomwelo. Nanga akanatuma ndani? Issufoyu anamubereka kumsana yekha amayi awo atamwalira. Patatha masiku anayi anabwera ndi mapiritsi oyera okulunga m'kapepala.

"Bwanji akuluakulu chonchi?" anafunsa Mariamo.

"Ndi atsopano, achemwali. Akuti ndi amphamvu kuposa aja."

Anakhulupirira. Anansi atapeza boti lopita ku Metangula, komwe kunali chipatala, anawaitana kuti akwere nawo. Mariamo anati ayi, pitani, ife mankhwala tili nawo.

Lachitatu m'mawa Chabane ankasoka ukonde ali chikhalire, osanyamula kanthu, ululu n'kumugwira. Unayambira pachifuwa, unatsikira kudzanja lamanzere, n'kukwera kunsagwada. Mariamo anathamanga n'kumuika piritsi pansi pa lilime.

"Kuwawa," anatero Chabane, nkhope itakwinyika.

"Ndikudziwa, bambo a Pili. Pirirani, agwira ntchito pompano."

"Ayi... kuwawa."

Anafuna kulavula, koma mkazi anamutseka pakamwa ndi dzanja, n'kuwonjezera lachiwiri. Thukuta linali kamukamu thupi lonse. Manja anazizira ngati mwala wa m'madzi, milomo inatuwa. Mariamo anagwira pamkono monga anamuphunzitsira dokotala uja. Mtsempha unkagunda mothamanga koma mofooka. Kenaka unadumpha, unabweranso, n'kusowa. Anaika khutu pachifuwa, koma munali zii.

Popukuta misozi, chala chimene chinagwira mapiritsi chinamukhudza pamlomo. Kuwawa kumeneko munthu aliyense wa m'mbali mwa nyanja amakudziwa: kolokwini wa malungo. Timapiritsi ta ku Likoma sitinkawawa, tinkangoyabwa pang'ono pansi pa lilime. Apa m'pamene anamva zimene mwamuna wake ankanena. Sankadandaula za chifuwa ayi. Munthu ankamuuza za mankhwala, iye n'kumutseka pakamwa ndi dzanja lake lomwe. Chisoni chinayamba chaima pambali, chimene chinabwera ndi mkwiyo.

Mariamo anakamupeza Issufo kumchenga akumata bwato.

"Iwe, ku Likoma unafika?"

Issufo anayang'ana phula limene linali m'manja mwake.

"Pakati pa nyanja panali boti la asilikali, achemwali. Anthu ankati akuwombera aliyense wowoloka. Ndinabisala m'mabango masiku atatu."

"Nanga mapiritsi?"

"Anandipatsa msodzi wina. Ndinati mankhwala ndi mankhwala. Kubwera chimanjamanja ndinachita manyazi."

"Mantha sindikukuimba nawo mlandu, nkhondo ino yatiopsa tonse. Ukanangonena kuti ndalephera, ndikanamukweza boti la ku Metangula. Koma iwe unandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ndi amphamvu. Ine amene ndinakulera."

Issufo anaika phula lija pansi.

"Koma alamu ali bwanji?"

"Siya bwatolo," anatero Mariamo. "Katenge khasu."