Fayiba Sawola

1.
Igogodeni, akutero Che Sitambuli, wogulitsa zinthu zakale ku Limbe. Ndikugogoda. Kalavani, nyumba ya mateyala, ikuyankha ngati chigubu chopanda madzi.
Fayiba sawola, bwana.
Idzandipitirira?
Inu, ana anu, ndi ana a adani anu.
Ndikuseka. Kuseka ndiyo ntchito yokhayo imene sanandichotse.

2.
Ndine Gelesomu, dalaivala wakale wa mathiraki, Sitandade 7 yosamaliza. Beira ndafika, Durban ndafika. Ndinkaona Mabunu akukoka nyumba kumbuyo kwa galimoto ngati mbuzi yopita kumsika, ine n'kumati anthuwa mitu sikoka. Ndiye wanzerune ndinakamanga ya njerwa zootcha ku Chiradzulu, kwawo kwa mkazi wanga.
Mkamwini.

3.
Iwe Esinati mkazi wanga, unanena. Tikukumba maziko, ndowa ya matope ili pamutu pako. Bambo a Mwatitha, pano mpathu, inu mukanamanga ya mateyala. Tinaseka mpaka matope anakutsikira m'khosi.
Unamwalira mvula isanagwe.

4.
Titameta, mlongo wako a Jailosi anayala mphasa pakhonde limene ndinatsira simenti ndi manja anga.
Alamu, munatisunga bwino. Tsopano takumasulani.
Kodi ndinali womangidwa?
Musaseke, ndi mwambo. Ana ndi mbumba yanga, atsala. Nyumba siyenda.
Zimene ndinanyamula:
sutikesi
wailesi
jekete ya kukampani
buluku limene layamba kundikulira.
Zimene sindinanyamule:
Mwatitha
Esime.
Kwathu ndi ku Ntcheu. Kuchokera ku Ntcheu, mwana sungamuone akupita kusukulu.

5.
Che Sitambuli sapuma akayamba, akuti bwana taonani zitatu izi, zonse anasiya azungu omanga msewu, iyi ya aluminiyamu ndi yokongola ngati mkwatibwi koma m'kati mwa khoma muli matabwa, madzi akangolowa pa msoko chiswe chimaitana abale ake ku ukwati, iyo yachitsulo ndi yolimba koma mvula ziwiri zitatu dzimbiri limaiboola ngati sefa, ndiye Okutobala mudzapsa m'menemo ngati mbatata, koma iyi yoyerayi ndi ya fayiba, anaiumba ngati dzira, chapamwamba ndi chapansi, denga lilibe msoko wodontha, ikang'aluka mumamata ngati boti la asodzi, dzuwa limangoichotsa kuwala koma osaipha, mdani wake ndi chitsulo chapansicho ndi mphira za m'mawindo, zimenezo muziziyang'ana ngati mwana wamkazi, ndiye banja lanu ndi la anthu angati?
Ndinalowa pansi n'kukanda chitsulo ndi kiyi. Ndinapondaponda m'kati kufuna pofewa. Ndinanunkhiza m'makabati ngati galu wa apolisi. Chinyezi munalibe.
Atatu, ndinatero. Mabedi awiri akwana.
Atatu pa mabedi awiri?
Mmodzi sachedwa kudzuka.
Penshoni yonse inalowa m'dzira.

6.
Mwamuona mkamwini wa kwa Jailosi? Wabwera ndi dzira. Waliimika tsidya la ngalande, m'mphepete mwa msewu, akuti pamenepo mpa boma, ndipo boma lilibe malume. Akuti tikamuthamangitsa angokoka n'kuima patsogolo pang'ono. Wapenga. Sanapenge, wachenjera. Koma mwamuona m'khosi? Kolala ikuchita kumuzungulira.

7.
Ine Mwatitha. Tikaweruka timadutsa kwa bambo. Esime amagogoda khoma ngakhale chitseko chili chotsegula, bambo amati ndani, Esime amati chiswe, bambo amati pepani fayiba sawola, pitani kwa malume anu kuli mitengo.
Atiphunzitsa kupaka oyilo wakuda pa chitsulo chapansi. Atiphunzitsa kumata windo. Atiphunzitsa kupukuta khoma kuti dzuwa lisalidye. Ndinati bambo, zonsezi si mungachite nokha? Anati dalaivala wamkulu sagwira sipanala.
Nyama amatipatsa ife. Iwo amati adya kale.

8.
Mvula inabwera, Esinati. Inagwa yaukali. Denga la tchalitchi linapita kukapemphera kudambo. Khoma la khitchini yako linakhala pansi. M'dzira munalowa phokoso lokha.
Fayiba sawola.
Ndinagona chagada n'kumamvera. Sindinasangalale. Sindinadandaule. Ndinangomvera.

9.
Achimwene anga a Lufeyo anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzandizonda. Ine anandiyang'ana pang'ono. Mateyala anawayang'anitsitsa. Anamenya limodzi ndi nsapato, n'kugwira chokokera chakutsogolo ngati munthu wogula ng'ombe.
Imeneyi pa Tsangano ingakhale shopu yabwino, mphwanga.
Mwiniwake akadalipo, achimwene.
Aaa, ndikungonena. Katundu wa m'banja amabwerera kubanja.
Anandisiyira kabichi.
Nyumba yosayenda anatenga akuchikazi. Yoyenda adzatenga akwathu. Sukulu ndinathawa, koma samu imeneyi ndinaikhoza.

10.
Dzuwa lili paliwombo. Ndawoloka ngalande, koyamba chichokereni. A Jailosi akunola chitsulo cha khasu.
Alamu, mwabwera ndi milandu?
Ndabwera ndi nyumba. Ndikufuna anyamata okankha, ndi njerwa za khitchini yakugwayo.
Mwambo suloleza kuti inu mubwerere pano.
Ine sindikubwerera. Ikubwera ndi kalavani. Ineyo mungondisunga m'katimo ngati mlendo, ndipo mlendo wake si wochedwa.
A Jailosi aika khasu pansi. Akuyang'ana lamba wanga, pamene ndinaboola ndi msomali, n'kuboolanso, n'kuboolanso.
Anakuuzani liti achipatala?
Ndisanapite ku Limbe. Dzina la nthendayo ndi lalitali, la Chingerezi. Ine Sitandade 7.
Ana akudziwa?
Akudziwa kupaka oyilo.
Sakuseka. Anthu a kwanu nthabwala amazimva mochedwa, Esinati.

11.
Taikankha. Yawoloka ngalande pa matabwa, yaima pansi pa mpeyala wako. Taikweza pa njerwa. A Jailosi amasula mateyala okha ndi manja awo, apereka kwa mnyamata wa ngolo. Chokokera tadula ndi sowo. A Lufeyo akadzabwera ndi galimoto yobwereka adzapeza dzira lopanda miyendo pa dothi la eni ake, ndipo akadzafunsa, a Jailosi adzayala mphasa n'kunena mawu awo aja. Nyumba siyenda.
Esime akugogoda khoma.
Ndani?
Ndine.
Lowani, mayi. Ndi kwanu.
Che Sitambuli, tsiku lija munayesa ndikuseka, inenso ndinaseka kuti musachite manyazi. Ndinafunsa funso limodzi lokha, ndipo munayankha bwino.
Mabedi awiri akwana.