Nkhata Yotsala

Mayi Anastazia anagula nkhata zitatu, ngakhale ankadziwa bwino kuti pamndandanda wa oyika nkhata pamanda a amuna awo padzalembedwa mayina awiri okha a m'nyumba mwawo, lawo ndi la Febe, mwana wawo wamkazi. Yachitatuyo inali ya Hudson, mwana wawo wachisamba. Anaibisa kuseri kwa matumba a mtedza ngati yakuba.

Hudson anali atatha zaka zinayi osaponda kwawo ku Kabudula. Nkhani yake aliyense ankaidziwa, kungoti ankainong'ona. Mnyamata wotsogolera kwaya uja, amene ankati akakweza mawu azimayi n'kuiwala kuti ana akulira kumsana, anakana kukwatira. Akulu ampingo atamuitana sanazembe, ananena poyera kuti mtima wake uli pa mwamuna mnzake ndipo akukhala naye nyumba imodzi m'tauni. Akuluakuluwo anakangana milungu itatu, ena akuti alape kaye, ena akuti Yesu sanapitikitsepo munthu. Mapeto ake anamudula mumpingo. Bambo ake, amenenso anali mkulu wampingo, anakweza nawo dzanja. Kuyambira tsiku limenelo, njinga yamoto ikangoima kumsewu, Anastazia ankasiya chimene akuchita n'kusuzumira. Ankamusowa mwana wawo, kumusowa kwenikweni.

M'mawa wa tsiku loyika maliro anatuma Febe kukaitana a Chikoti, mkulu wampingo woyendetsa mwambo.

"Bambo Chikoti, mwana wanga akubwera. Kodi simungamulembeko? Angoyika nkhata basi, sayankhula kanthu."

A Chikoti anayang'ana kapepala kawo nthawi yaitali, ngati kuti mayinawo ndi ambirimbiri. Sanali munthu wankhanza. Ndi iwo omwe anamuphunzitsa Hudson kuimba ali wamng'ono.

"Mayi, ndikanakhala ndekha ndikanalola. Koma anzanga anenetsa kuti akangoyandikira mandawo, kwaya itseka mabuku, mpingo unyamuka. Nanga abambowa, atatumikira zaka makumi atatu, apite opanda nyimbo?"

Munthu angasankhe bwanji pamenepo?

Kumanda Anastazia anamuona Hudson. Anaima patali, m'mphepete mwa munda wa fodya wothyola kale, atavala malaya oyera. Pambali pake panali mwamuna wamtali atanyamula zipewa ziwiri za njinga yamoto. Mwana wanga wanenepako, anatero mayiwo mumtima, ndiye kuti akudya. Kwaya itayamba nyimbo imene kale ankaiyambitsa ndi Hudson, anaona milomo yake ikuyenda, koma mawu sanafike.

"Mayi a panyumba!" anaitana a Chikoti.

Anastazia anadzuka, azimayi awiri atawagwira uku ndi uku. Miyendo inkafuna kumunda kuja. Anapita kumene ankawatsogolera, anagwada n'kuyika nkhata yawo. Febe anayika yake. Pomwe panayenera kumveka dzina la Hudson, a Chikoti anangokhosomola, kenako n'kuitana achibale akuchimuna. Pamene mwambo unkatha, m'mphepete mwa munda muja munalibe munthu. Amuna awo anapita ndi nyimbo zonse mpaka ndime yomaliza, koma Anastazia sanamve kukoma kwake.

Kutacha, anthu asanayambe kusesa pabwalo, anakulunga nkhata yotsala ija m'chitenje n'kuuza Febe kuti awaperekeze kumanda. Ankafuna akamuyikire mwana wawo, nanga akanatani?

Atafika anapeza pamtumbira pali nkhata imene dzulo panalibe. Inali yoluka pamanja ndi maluwa ofiira akumpanda, yopendamira mbali imodzi. Anaizindikira nthawi yomweyo, pajatu Hudson chibadwire sanalukepo chinthu chowongoka. M'dothi lofewalo munali mapazi a anthu awiri. Ena anafika mpaka kumutu kwa manda, pomwe panali timaenje tiwiri ta mawondo. Enawo anathera chapatali pang'ono, mwaulemu, mmene amaimira mkamwini.

Anastazia anagwada n'kuyika chikhatho chawo pomwe panagunda mawondo aja. Analira misozi yonse imene dzulo anaimeza pamaso pa anthu. Febe anangowasiya. Atatopa anapukuta nkhope, n'kuyang'ana nkhata inali m'chitenje ija, imene tsopano inalibe mwini wake.

"Febe, uja wamtali uja, wonyamula zipewa uja, dzina lake ndani kodi?"

Zaka zinayi zonsezo anali asanafunsepo.

"Ndi Aubrey, amayi."

"Aubrey," anabwereza pang'onopang'ono kuti lisawathawe.

Anavundukula nkhatayo, anawongola maluwa amene anapindika, n'kuiyika pambali pa ya Hudson.

"Uwaimbire foni. Uwauze kuti ndawasungira thumba la mtedza, koma sinditumiza pa minibasi ayi. Adzatenge okha, onse awiri. Ndipo adzabwere masana."