Khutu la Kumanzere la Lameki

Pepalalo Lameki anabwera nalo Lachiwiri masana, ine ndikusita malaya a mzungu wa ku Avondale, makala a m'simbi akutha.

"Amayi, akulemba asilikali mwezi uno pa fotini."

Mwana wanga woyamba, Yosiya, anandiuza mawu omwewo pakhomo lomwelo zaka zisanu m'mbuyomo, ndipo zimene zinabwerako ku Malaya ndi kalata, bulangete ndi kachitsulo kozungulira kolembedwa nambala yake. M'laini mwathu muno ku Harari amanditchulabe kuti amake Yosiya. Amuna anga anamwalira kale ndi chifuwa. Ndinatsala ndi Lameki yekha, mnyamata wa zaka naintini, wosagwira ntchito, chitupa chake chodzaza zidindo za munthu wofunafuna ntchito.

Pepalalo analitengera pakhonde la a Twaibu, atelala a nyumba yoyandikana nafe. A Twaibu anamenya nkhondo ku Burma, ndipo mpaka lero aliyense amawaitana kuti akopolo, udindo wawo wa ku usilikali. Makoma a nyumba za khonsolozi ndi opyapyala, koma tsiku limenelo ndinatuluka dala ndi simbi ngati ndikukapepeza makala.

"Zolembedwazi n'zongoopseza," anatero a Twaibu, mwendo ukupalasabe makina. "Poyamba akuvulani nonse, mbulanda, mzere ngati mbuzi za pamsika. Ayeza msinkhu. Ayeza chifuwa ndi tepi ngati yangayi, upume mpweya wambiri, usachite manyazi. Ayang'ana mano. Akuyendetsa pasimenti ndi mapazi onyowa kuti aone ngati phazi lako lili ndi mphako kapena n'lambalambanda ngati la bakha. Ukapulumuka pamenepo ndiye akupatsa pensulo: kuphatikiza, kuchotsa, matebulo mpaka thwelofu, kenako kandime ka Chingerezi. Mzungu akakufunsa likulu la Chitaganya, usanene kuti Zomba, ngakhale mtima ukufuna."

"Kuthamanga?" anafunsa Lameki.

"Mamailosi atatu. Iwe n'zako zimenezo, apolisi a chitupa anakuphunzitsa kale."

"Nanga makutu?" ndinafunsa ine.

A Twaibu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Makutu ndi omalizira kwa adokotala. Amakuimika chofulatira, masitepe makumi awiri kuchokera kwa sajeni. Wina amakutseka khutu limodzi ndi chala. Sajeni amanong'ona manambala, iwe n'kuwabwereza mokweza osacheuka. Kenako khutu linalo."

Ndinabwerera m'nyumba mtima uli m'malo. Khutu la kumanzere la Lameki ndi lakufa. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi munalowa kamphemvu, ndipo Yosiya, poyesa kumuthandiza, anatokosamo ndi kamtengo ka machesi mpaka munatuluka magazi. Yosiya analira kuposa mwini khutu. Kuyambira pamenepo ankayenda naye paliponse, kutchalitchi, kumpira, kwa sitolo, ndipo munthu akalankhula chakumanzere, Lameki ankapendeketsa mutu n'kudikira kuti mkulu wake amubwerezere. Khutulo ndinkalidandaula kwa zaka zambiri. Tsopano ndinaliona ngati mpanda umene Mulungu anandimangira.

Ndiye madzulo ake ndinangoti, "Pita ukayese." Lameki anadabwa, n'kupempha kuti ndizimuyeserera za manong'onong'ozo. Ndinavomera. Ndinkafuna adzionere yekha kuti sizitheka, asamadzanene kuti amayi ndiwo anamuletsa.

Tinkayeserera kuseri kwa nyumba, masana, pakati pa zingwe zimene ndinkayanikapo nsalu za pabedi za madona. Kuchokera pampopi kufika pawaya wa mpanda ndi masitepe makumi awiri ndendende. Iye ankaima pawaya chondifulatira, chala m'khutu la kumanja, ine pampopi. Masiku atatu oyamba sanamve kanthu. Ndinkanong'ona, ndinkakweza pang'ono, iye zii, khosi lili tolotolo ngati nkhuku yoonera mphamba.

"Mwayamba, amayi?"

"Ndamaliza kalekale. Tiye ukatunge madzi."

Tsiku lachinayi kunatentha kwambiri, kopanda ndi kamphepo komwe. Nsalu zinali lende ngati makoma. Lameki anakaima pamalo ake, ine ndikumaliza kuyanika, zopanira ziwiri zili m'kamwa. Ndinaona akupendeketsa mutu kumanzere. Kenako ananena mokweza, bwinobwino:

"Seveni. Thuu. Naini. Foro. Wani."

Zopanira zinali zikadali m'kamwa mwanga.

Nambala imeneyo, ya Yosiya, ndimaidziwa kuposa tsiku langa lobadwa. Kalata ya boma ndinaiotcha sabata yomwe inafika, ndipo kachitsulo ndinakasokera m'kati mwa pilo wanga Lameki ali kusukulu. Ndinalowa m'nyumba n'kukaugwira piloyo. Ulusi wakuda umene ndinasokera unali momwemo, wosadulidwa, ndipo kachitsuloko ndinakamva ndi chala m'kati mwa thonje.

Nditatuluka ndinamupeza akumwetulira. "Ndakhoza?"

"Wakuuza ndani manambala amenewo?"

"Si inu kodi?"

"Mawu ake anali a mwamuna kapena a mkazi?"

"Aa, amayi. Manong'onong'o ali ndi mwamuna kapena mkazi?"

Kuyambira tsiku limenelo sanaphonyenso. Ndinkanong'ona manambala a nyumba za madona anga, a nyimbo za m'buku la kutchalitchi, a basi ya ku Highfield. Ndinafika pongogwedeza milomo, mpweya wokha, ine mwini osadzimva. Ankakhoza. Koma sankayankha nthawi yomweyo ngati munthu amene wamva. Ankapendeketsa mutu, n'kudikira kaye pang'ono, ngati mawuwo akudutsira kwa wina. M'nyumba khutulo linali lakufa ngati kale. Tsiku lina ndinagwetsa dala chivundikiro cha poto pambali pake kumanzere, mphaka wa a Twaibu anathawa, iye anapitiriza kuloweza matebulo ake.

Ndinasiya zoyesererazo. Iye sanasiye. Masana aliwonse ankakaima yekha pawaya chofulatira nyumba, chala m'khutu, ine ndikusita m'kati, n'kumamumva akutchula manambala, nthawi zina n'kuseka pang'ono.

Ndinapita kwa a Twaibu. Sindine munthu wa asing'anga, ndilibe nthawi yake, ndipo ndinawauza zonse mosazungulira. Anasiya kupalasa makina.

"Ku Burma tinali ndi lamulo losalembedwa papepala," anatero. "M'nkhalango ukamva wina akukuitana kumbuyo, usayankhe usanamuone nkhope."

"Lamulo limenelo amayi anga anandiphunzitsa ku Dedza osapita ku Burma. Ndiye mayeso anuwa akuphunzitsa ana chiyani? Kufulatira n'kumayankha?"

"Msilikali ndi wotero, amake Yosiya. Amayankha mawu, saona nkhope." Anapinda tepi yawo pachala. "Pitani mukamuuze sajeni kuti mwanayo ndi wogontha. Adzakudani, koma adzakudani ali pakhomo pano."

Lameki ndinalankhula naye kamodzi kokha. Ndinamuuza kuti chimene chikumunong'onezacho si ine, ndipo asiye kuchiyankha.

"Ndikhala pano mpaka liti?" anatero. "Chitupa chikatha anditumiza ku Nyasalandi kumene sindidziwa ndi njira yomwe. Inu mukufuna ndizikutungirani madzi mpaka ndimere imvi?"

"Inde," ndinatero. "Ndi zimene ndikufuna."

Pa fotini anadzuka m'mamawa n'kupita osamwa tiyi. Ine ndinanyika zovala m'bafa, n'kumutsatira cha m'ma teni. Asilikali anali atamanga matenti awiri pabwalo lafumbi kupitirira msika, ndipo kunja kwa chingwe kunali azimayi ambiri, ena a Chishona, ena akwathu, aliyense akusuzumira wake. Ndinaona anyamata akuthamanga mozungulira bwalo, ndinaona ena akutuluka m'tenti malaya ali m'manja, nkhope zili pansi. Mayi wina pambali panga anati, "Maiwe, wanga amubweza chifukwa cha mano," akuseka ndi misozi yomwe. Ndinamuchitira nsanje.

Dzuwa lili pamutu anawaimika mzere pa za makutu. Lameki anali wachisanu. Khutu la kumanja anayankha msangamsanga. Atamutseka la kumanja, anapendeketsa mutu, anadikira, n'kutchula manambala atatu. Sajeni analemba pabuku.

Ndinawerama n'kudutsa pansi pa chingwe. Msilikali wina anandikuwira m'Chishona, sindinamusamale. Sajeniyo anali wamkulu ndithu, wa ndevu zoyera m'mbali, ndipo nditamva Chinyanja chake ndinadziwa kuti ndi wa kwathu.

"Bambo, mwana uyo, wachisanuyo, ndi wanga. Khutu lake la kumanzere ndi lakufa kuyambira ali wamng'ono."

"Mayi," anatero mosakwiya, "kulikonse kumene timapita amabwera mayi wa mwana wogontha, wakhunyu, wokodza pamphasa. Dzulo wina anati wake ndi wamisala. Uyu wamva manambala anga onse."

"Sanamve yekha."

"Wamuuza ndani? Pali munthu pamenepo?"

Ndinayang'ana. Panali msilikali womutseka khutu uja, kumanja kwake. Kumanzere kunali fumbi lokha ndi mthunzi wake waufupi.

Mzungu wovala kabudula anatuluka m'tenti n'kufunsa chimene chikuchedwetsa mzere. Sajeni anamuyankha m'Chingerezi, mzunguyo anagwedeza phewa n'kuyang'ana wotchi.

"Chabwino," anatero sajeni. "Nong'onani nokha, mayi, chilichonse chimene mukufuna. Ine ndiika khutu langa apa pakamwa panu. Akaphonya, mumutenga lero lomwe." Kenako anakuwa: "Wachisanu! Fulatira! Tseka la kumanja!"

Lameki sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenuka, zidendene pamodzi, manja m'mbali, ngati walowa kale usilikali. Ndinaona thukuta likutsika pamsana pake.

Ndinali nditakonza nambala m'mutu, koma ndinadziwa kuti nambala iliyonse imufika. Ndiye sindinalankhule ndi Lameki. Ndinanong'ona motsitsa kwambiri, moti sajeni anachita kusendeza khutu mpaka ndevu zake zinandikhudza patsaya.

"Yosiya, musiye mng'ono wako. Ndatsala ndi yekhayu."

Lameki anapendeketsa mutu kumanzere. Anadikira nthawi yaitali kuposa masiku onse. Msilikali womutseka khutu anayamba kuyang'ana uku ndi uku. Kenako Lameki anayankha mokweza, osacheuka, ndi mawu omwe ankatchulira manambala:

"Akuti ayi, amayi."

Sajeni anaweramuka pang'onopang'ono. Sanaseke.

"Yosiya ndani?"

Anandiyang'ana, anayang'ana msana wa mwana wanga. Mzungu uja anafunsa mokwiya ngati mnyamatayo wamva kapena ayi. Ndinamugwira sajeni pamkono, chinthu chimene sindinachitepo kwa mwamuna wa eni. Anachotsa dzanja langa mwaulemu.

"Wamva, bwana," anatero, n'kulemba.

Masamu anakhoza onse kupatula limodzi. Chingerezi anawerenga bwino. Madzulo anabwera kunyumba ndi kapepala kachidindo, ndipo nditamufunsa za mawu amene ananena pabwalo paja anandiyang'ana modabwa.

"Ndinangobwereza zimene ndinamva. Si mmene amafunira?"

Lole inabwera kudzawatenga Lachisanu m'mawa pamsika. Ndinamukazingira mtedza, ndinamupatsa bulangete la mkulu wake, chifukwa bulangete ndi bulangete ndipo kumene ankapitako amati kumazizira. Kachitsulo sindinamupatse. A Twaibu anabwera atavala mendulo zawo, n'kumuuza kuti nsapato azizipaka mafuta zisanamulume.

Anawapakira ambiri, ena ataimirira, ena atakhalirana pamiyendo, akutukwanizana chifukwa cha malo. Lameki anakhala pabenchi la m'mbali. Kumanzere kwake kunatsala mpata wokwana munthu mmodzi, ndipo mnyamata wina wonenepa amene anasowa pokhala anauyang'ana mpatawo, n'kusankha kuima atagwira chitsulo. Lole ikunyamuka, Lameki anandibayibitsa. Kenako anapendeketsa mutu, anamvetsera, n'kuseka.

Ndinabwerera kunyumba chifukwa nsalu za dona wa ku Avondale zinali zikadali m'bafa. Zingwe za kuseri ndinazimasula tsiku lomwelo. Masiku ano ndimayanika kumaso kwa nyumba, kumene kuli fumbi la mumsewu, ndipo madona akudandaula kuti nsalu sizikuyera ngati kale. Adandaule. Pampopi ndimapitabe, madzi sindingawasiye, koma ndimatunga nditayang'ana kuwaya, ndipo pobwerera m'nyumba ndimayenda chafutambuyo.