Muwanga wa pa Manda a Joachim

Chaka cha 2008 dizilo adasowa. Mathirakitala adaleka kukwera phiri kukatenga bulugamu, ndipo moto woumitsira tiyi pa fakitale ya kufupi ndi Samanga udayamba kuzilala. Manijala adalamula kuti nkhuni zidulidwe pafupi. Pafupipo padali manda a anthu a ku komboni, pomwe nkhwangwa idali isadalowepo chibwerere makolo awo kuchokera ku Malawi.

Enia, mayi wothyola tiyi, adamva kugogoda kwa nkhwangwa kumandako ali m'munda. Adatula dengu n'kutsetsereka. Pansi pa muwanga waukulu padagona mwamuna wake Joachim, wopanda chiliza. Mtengowo ndiwo udali chizindikiro chake. Enia adakhala pansi n'kuutsamira.

Kapitawo Cyprian, mng'ono wake wa malemuyo, adafika ndi manijala. Bwanayo adangomuyang'ana mayiyo.

"A storm in a teacup," adatero, n'kubwerera ku ofesi.

"Akuti chiyani, alamu?" adafunsa Enia.

"Ndi mwambi wa Chingerezi. Akuti namondwe wa m'kapu ya tiyi."

"M'kapu mumagwa mvula?"

"Ayi. Amatero munthu akautsa phokoso lalikulu pa kanthu kakang'ono. Ngati kumemeza komboni yonse chifukwa nkhuku yaswa dzira."

"Ndiye kanthu kakang'onoko ndi achimwene anuwa?"

Cyprian adakanda m'mutu. "Moto ukazima masamba awola, alamu, ntchito itithera tonse. Dzukani. Angakutulutseni m'nyumba ya kampani."

"Anditulutse. Koma mukawafunse ngati mwambiwo amaunenanso pa manda a mayi awo. Mukadula, ana ndizidzawalozera chiyani? Chitsa?"

Amuna anayi odula mitengo adaima chapatali, akuyang'ana pansi. Aliyense adali ndi wake m'mandamo.

"Bwerani, musachite manyazi," adawaitana Enia mofatsa. "Muyambire miyendo yangayi. Ndi youma kale, iyaka bwino."

Mmodzi adaseka, kenako adagoneka nkhwangwa pa udzu. Anzake adachita chimodzimodzi.

Cyprian adayang'ana mtumbira wa mkulu wake womwe udatsala pang'ono kufafanizika.

"Tolani zida," adatero. "Tipita kuphiri. Bulugamuyo tikasenza pamutu."

"Ndi kutali, akapitawo."

"Ndikudziwa. Abwana ndikawauza ndekha."

"Nanenso ndikasenza nawo," adatero Enia, akukonza chitenje chake. "Koma mawa. Lero ndikhala pompano, sindikukukhulupirirani."