Thabwa la Ambulansi ya Njinga

"Chingwe ichi chokha musachikhudze, bambo a Gloria," anatero Faness atangolowetsa chingwe cha pampu mu soketi. "Ngakhale abwere abishopu kudzameta, muwauze adikire."

"Ndamva, inu. Munandiuza dzulo, mwandiuzanso m'mawa. Kodi ndine mwana?" anayankha mwamuna wake, Martin, akupukuta kalilole.

Munali m'kachipinda kometera ka Martin pa Nsaru. Kwawo kumudzi kunalibe magetsi, ndipo muno soketi yogwira ntchito inali imodzi yokha, inayo inapsa kalekale. Anagwirizana kuti ntchitoyi ichitike Lolemba chifukwa tsikulo anthu ometa sachuluka.

Faness anagwira ntchito zaka zingapo ku Joni, pa kampani yopanga maboti. Pobwerera kumudzi, abwana ake anamulola kutenga zotsala: nsalu yakuda ya kaboni, fomu yonga siponji, yolimba koma yopepuka ngati phesi, ndi zigubu ziwiri za rezini, ulimbo wamadzimadzi umene ukauma umalimba ngati mwala. Anthu ankamuseka kuti anzake akubwera ndi mabulangete ndi wailesi, iye wabwera ndi zinyalala.

Koma amayi a mumphakati wawo sanaseke. Mudzi wawo uli kutali ndi chipatala, ndipo ambulansi yawo ndi ngolo yokokedwa ndi njinga. Pogona pake panali matabwa a bulugamu okhomera pa zitsulo, olemera ngati ngolo ya ng'ombe. Dzinja latha ngoloyo inatitimira m'dambo itanyamula mkazi wa tenanti wina wochokera ku Mulanje. Anachirira pomwepo m'matope, mwana osalira. Faness atamva nkhaniyi anauza amayiwo kuti angathe kupanga pogona poti mwana wasukulu n'kunyamula ndi dzanja limodzi, koma osathyoka ngakhale pagone anthu awiri.

Tsopano zonse zinali pa tebulo. Pansi anayala nsalu ya kaboni, pakati fomu, pamwamba nsalu inanso. Zonsezo anazikuta ndi pulasitiki n'kumata m'mbali monse kuti mpweya usapeze polowera. Pampu anaipanga yekha ndi injini ya firiji yakale. Itayamba kulira, pulasitiki inakakamira pa nsalu mpaka ulusi uliwonse kuonekera. Anayendetsa khutu m'mbali kumvetsera ngati pena pakudontha mpweya, kenaka anamasula kapaipi kochokera m'kabekete ka rezini.

Ulimbowo unayamba kukwera wokha, n'kumayenda m'nsalu pang'onopang'ono ngati madzi olowa m'dimba.

"Zoona ukuyenda wokha, eti?" anadabwa Martin atawerama.

"Pampuyi ndiyo ikuukoka. Ikangoima, mpweya ubwerera m'kati, ndiye kuti zonse zapita. Ndikupita kuseri kukasakaniza wina, uwu sukwana."

Anakasakanizira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumbayo, poopa kuti kutentha kwa m'malata kungaumitse rezini msanga. Chigayo chapafupi chinali chikulira. Anamva njinga yamoto ikuima kutsogolo koma sanalabadire, maso anali pa muyeso. Anatakasa modekha mpaka ulimbo utasakanikirana bwino.

Chigayo chitasiya kulira m'pamene anazindikira kuti kulira kwa pampu kulibe. M'malo mwake munkamveka kaphokoso kena, kosalala, kodziwika bwino. Makina ometera.

Anathamanga ulimbo ukutayikira pa chitenje.

Pa mpando panali a Chikoti, kapitawo wa pa esiteti ya fodya, atakulungidwa nsalu m'khosi, maso ali tsinzini. Martin ankawameta akuimba kamluzu. Chingwe cha pampu chinali pansi. Pa tebulo pulasitiki inali itafufuma, ndipo thovu linali litadzaza paliponse pamene ulimbo unadutsa.

Faness anazula chingwe cha makina ometera n'kubwezera cha pampu.

"Aa! Mayi a Gloria, mwapenga? Abwana ndawameta mbali imodzi!"

"Akhale choncho. Ndinakuuzani chiyani?"

"Akuthamangira kumsonkhano, ndimati ndingowapala msangamsanga. Kanthawi kochepa ngati kameneka kangaononge chiyani?"

A Chikoti anatsegula maso n'kudziona pa kalilole. Mbali ina kunali mpala, mbali ina tsitsi lili gwa. "Kodi a Martin, muno mwini wake ndani? Inu kapena mayiwa?"

"Pepani, abwana. Mukudziwa akazi akapitako kunja..."

"Malizani," anatero Faness osatembenuka, manja ali pa pulasitiki kuyesa kukankhira thovu kukapaipi. "Akazi akapitako kunja amatani?"

Martin anafunafuna lumo ndi sizasi n'kutulukira ndi a Chikoti pakhonde.

Pampu inakokanso, pulasitiki inagwiranso, koma kunali kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Ulimbo woyamba unali utayamba kale kulimba pamene unaimira, ndipo watsopano unkangouzungulira, kusiya zilumba zouma. Faness anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, akudziwa kuti akulondera maliro.

Mawa lake m'mawa amayi anayi a mumphakati anafika kudzaona, motsogozedwa ndi a Nelia, mayi wachikulire amene ankasunga ambulansiyo pakhomo pake. Faness anali atang'amba kale pulasitiki n'kuimika thabwalo pakhonde. Kungoliona patali linali lokongola, lakuda, lonyezimira. Pafupi m'pamene pankaoneka mzere wotuwa wodutsa pakati, ndi mabanga ngati zikanga.

"Pepani, mwana wanga," anatero a Nelia. "Tamva kale. Musadandaule, makina akale ndi choncho."

"Mwamva zotani, amayi?"

"Kuti kainjini kanu kanazima kokha. Ndi zimene bambo a kwanu amanena dzulo pa bawo. Akuti anakuchenjezani kuti za ku Joni siziyenda kuno."

Faness usiku wonse sanamuyankhule mwamuna wakeyo, akuganiza kuti mwina manyazi akumudya. Kani anali atafesa kale bodza pamsika ponse.

"Bambo a Gloria! Tatulukani."

Martin anatuluka ndi chipeso m'manja, akumwetulira alendo. "Mwadzuka bwanji amayi? Mwaliona thabwa? Si ili, lapangika bwinobwino. Mayi a Gloria amangokonda kukulitsa zinthu."

"Auzeni amayiwa amene anazimitsa pampu."

"Zimenezo n'za m'nyumba, tikambirana."

"Pa bawo paja ndi m'nyumba? Munazula chingwe ndi dzanja lanu kuti mupale mutu wa a Chikoti. Ndinakupemphani kanthu kamodzi. Sindinati mundithandize kunyamula, sindinati mundigulire kanthu. Ndinati musakhudze. Ngakhale mbuzi ikanatha kumvera zimenezo, bola kuimangirira."

Mmodzi wa amayiwo anabisa pakamwa ndi chitenje. Anyamata a kabaza amene anali pamthunzi anayamba kusendera.

"Mukundinyoza pagulu chifukwa cha thabwa?" anakalipa Martin. "Thabwa lake lili bwinobwino! Timabanga timeneti n'topaka penti basi."

"Lili bwino, eti?"

"Lili bwino."

Faness anatsika pakhonde, natola njerwa zinayi pamulu wa oyandikana nawo. Anaika ziwiri uku, ziwiri uko, n'kugoneka thabwalo pamwamba ngati mlatho.

"Kwerani."

"Ndikwere chifukwa chiyani?"

"Mwati lili bwino. Mayi wapakati ndi womudikirira akulemera kuposa inu. Kwerani, muime pakati."

"Kwerani, bwana Martin!" anakuwa mmodzi wa akabaza. "Mlatho wa ku Joni umenewo!"

Martin anayang'ana anthu, nayang'ana thabwa. Anaika phazi limodzi pa mzere wotuwa uja n'kutsamira pang'ono. Munamveka kuthetheka, ngati munthu waponda mapesi ouma. Nsalu yapamwamba inatukuka n'kusiyana ndi fomu. Anachotsa phazi msanga.

"Bwanji mwatsika?" anafunsa Faness. "Inu mwaopa kugwa pa njerwa ziwiri. Koma mumati tipake penti, tikagonekepo mwana wa eni ake, tikamudutsitse m'dambo."

Palibe anaseka. Martin analowa m'kachipinda kake n'kukhala pa mpando wa ometedwa, nkhope atalozetsa kukhoma.

A Nelia anamugwira Faness pamkono n'kupita naye pambali. "Mwana wanga, zamveka. Walakwa, tonse taona. Koma madzi akatayika saoleka. Mwamuna ndi mwana, umangomunyengerera. Lowani mukamupepese kuti mwamuchititsa manyazi, banja ndi kupirira."

"Ndikapepese ine?"

"Ndi mmene timakhalira."

"Amayi, ine ndinapirira. Zaka zonse zija ndinkapuma fungo la ulimbo umenewu mpaka chifuwa kuwawa, manja kusupuka, kuti ana adye ndi kuti muno mukhale makina ometera. Sindinawerengere munthu. Koma a Chikoti atangokhosomola pakhomo, mawu anga onse anasanduka mphepo. Ndiye lero ndikagwade chifukwa ndakana kunamiziridwa?"

A Nelia anapukusa mutu, kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Nanga ambulansi? Mitambo yayamba kale kusonkhana."

"Nsalu yatsala yokwana thabwa limodzi, lofupikirapo. Fomu ndilumikiza zidutswa. Ulimbo ndi umene watsala wochepa, sungalole kulakwitsa kawiri. Kodi kuparishi, m'chipinda chija amasokeramo mayunifomu, muli soketi?"

"Zilimo ziwiri. Kiyi amasunga a sisitere."

"Mukandipemphere. Muwauze kuti ndikufuna tsiku limodzi, ndipo chitseko ndikhoma ndekha, kiyi ali m'thumba mwanga."

Analowa m'kachipindamo. Martin anamuyang'ana kudzera pa kalilole, akudikira kuti mwina ayankhula. Faness anakulunga chingwe cha pampu, nasonkhanitsa mapaipi, nsalu ndi chigubu chotsalacho. Amayi aja anamuthandiza kutulutsa n'kumanga pa njinga ziwiri.

"Mayi a Gloria," anaitana Martin ali chikhalire. "Madzulo mubwera nthawi yanji?"

"Ndikagona kwa amayi anga, n'kufupi ndi kuparishi. Gloria ndamutenga. Mukafuna kundiona, muyambe mwapita pa bawo mukakonze zimene munanena. Mukatero mubwere ndi ankhoswe."

A Nelia anasenza pampu pamutu, ngakhale inali yolemera, n'kutsogola. Faness anakankha njinga kuwatsatira, ndipo sanacheuke.