Pobiriwira pa Mapu a Pulofesa Meng

A Pulofesa Meng anakalambira pa ntchito imodzi, yojambula mapu a mpweya wa mzinda wathu. Makina oyezera utsi anali apo ndi apo, ndiye iwo ankatenga manambala a makinawo n'kuwerengetsera malo onse apakati. Chiphunzitso chawo ife ophunzira awo tinachita kutopa nacho: zoyandikana zimafanana. Kumalo enieniko sankapondako, ati maso amanama.

Akazi awo, mayi Dou, anali a mphumu. Atapuma pa ntchito, a Pulofesa anatambasula mapu awo, naloza pobiriwira kwambiri, kusonyeza mpweya wabwino, pakati pa makina awiri a kumpoto, n'kugula nyumba pamenepo isanamangidwe n'komwe. Ife mu ofesi tinangoyang'anana. Mzinda wonse unkadziwa kuti makina awiriwo amasambitsidwa: magalimoto a madzi ankawazungulira tsiku lonse akupopera madzi othetsa fumbi, kuti akuluakulu a ku likulu aziona manambala okoma. Koma ndani angauze mphunzitsi wake kuti mapu ake ndi nkhambakamwa? Tinawaombera m'manja, tiyi n'kumwa.

Pakati pa makinawo panali fakitale ya simenti.

Nditapita kukawaona, ndinapeza mayi Dou akupukuta fumbi pa zenera, akupumira m'mwamba. Anandimvetsa chisoni.

“Musadandaule, mayi,” anatero a Pulofesa. “Tikaphatikiza chaka chonse, mpweya wa kuno ndi wabwino zedi.”

“Ndiye ine ndizipuma kamodzi pachaka?” anayankha mayi Dou. “Inu a Meng, sukulu yonse ija, mwandibweretsa kuno kuti ndidzafere pobiriwira?”

“Manambala sanama.”

“Eya, sanama. Akatsokomola manambala anuwo mundidzutse.”

Usiku usanafike, mphumu inawagwira mayiwo, a Pulofesa n'kuthamangira nawo kuchipatala. A Pulofesa anabwerako nkhope itagwa, ndipo m'mawa mwake anavala jekete, ulendo kwa akuluakulu a mzinda. Sanadandaule za fakitale ayi. Anangoti kafukufuku akufunika makina achitatu, ndipo malo oyenera, malinga ndi masamu, ndi padenga la nyumba yawo. Munthu amene mapu ake anakweza anthu pa maudindo angamukanize ndani?

Makina atangoikidwa, magalimoto a madzi anafika. Fakitale inauzidwa kuti izizimitsa ng'anjo mphepo ikaloza kumeneko.

Lero mayi Dou akupuma bwino, bola asapitirire pamene madzi amalekezera. Anthu a mseu wakuseri akutsokomolabe mpaka misozi. Koma pa mapu atsopano, amene a Pulofesa anajambula ndi dzanja lawo, onsewo ali bwinobwino.